Lekani kuzula waya wa batire injini ikulira

Chisanu cha June ndi July chikuulula mabatire ofooka. M'mawa, pamisewu yopita kumsika wa fodya ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, magalimoto akulira mochita kukankhidwa. Batire kufooka nyengo yozizira si zachilendo. Chimene chikundiwawa ndi kayezedwe kamene ndikuona m'magalaja ambiri: injini ikulira, munthu amasula waya wa batire n'kuuzula, amvekere, "Onani, sinazime, alitaneta ili bwino. Gulani batire lina." Alitaneta ndi chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira.

Abale anga, chizolowezi chimenechi chinali cha magalimoto akale opanda kompyuta, ndipo ngakhale kalelo sichinkanena zoona zonse. Batire silingosunga moto. Limamezanso magetsi akakwera mwadzidzidzi. Mukalichotsa alitaneta ili pakati potchaja, mphamvuyo imasowa kolowera, imalumpha kupitirira kutali 14V kwa kamphindi, n'kugwera pa chilichonse cholumikizidwa. Choyamba kupsa nthawi zambiri ndi ma diode ndi regulator, tizipangizo towongola magetsi m'kati mwa alitaneta momwemo. Zikavuta ndi kompyuta ya injini. Ma Probox, Sienta, Vitz ndi Mira amene adzaza m'misewu yathu onse amayendera kompyuta. Munabwera ndi vuto la lamba wozunguza alitaneta, mubwerera mukusaka kompyuta yofanana nambala, galimoto ili pamiyala sabata ziwiri.

Choipa china n'chakuti kuyezako kumanama. Kuti injini ingopitiriza kulira sipafunika magetsi ambiri. Alitaneta yotopa, yotulutsa 12.5V yokha, imakwanitsa bwinobwino, koma singadzaze batire. Za dizilo yakale ya pampu ndiye musanene, imalira ndi timagetsi tochepa kwambiri. Ndiye mwazula waya, sinazime, mwakhulupirira, mwagula batire latsopano. Pakatha sabata zingapo nalonso lagona. Ndipo batire la galimoto likamangophwa mobwerezabwereza mapuleti ake amawonongeka, silibwereranso mwakale ngakhale mulitchaje usiku wonse.

Mlimi wina wa fodya ku Kasungu anagula mabatire awiri m'miyezi itatu chifukwa cha kayezedwe kameneka. Pikapu yake inkamuzimira usiku pobwera kumsika, nyale zikuchita kufiira. Atamuikira mita yoyezera magetsi, inawerenga 12.9V injini ikulira, ndipo atayatsa nyale inatsika kufika 12.3V. Lamba anali wolefuka ndi wonyezimira ngati galasi, waya wa earth, wolumikiza batire ku thupi la galimoto, utadyeka dzimbiri pa bawuti. Iye anati ankamva lamba akulira m'mawa koma ankaganiza kuti ndi kuzizira chabe. Mabatire awiri aja analibe mlandu.

Mita yoyezera magetsi imapezeka m'masitolo a zamagetsi, mtengo wake sufika n'komwe pa wa batire. N'chifukwa chiyani galaja ikhale ndi nyundo zitatu koma yopanda mita?

Kuyeza kwake nkotere. Ikani mita pa DC 20V, zingwe zake pa mitu ya batire. Galimoto itagona maola angapo, batire lodzaza liwerenge 12.6V, likakhala 12.2V lili pa theka, litchajeni kaye musanaweruze alitaneta. Poliza lisatsike kupitirira 9.6V. Injini ikalira, mita ionetse pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Yatsani nyale zazikulu ndi fani, pondani mpaka 2000 rpm: ikhalebe pamwamba pa 13.5V. Ikadutsa 15V, regulator yafa, batire likuwira. Ma lole a 24V muwirikize kawiri manambalawa. Magalimoto ena atsopano amatsitsa dala kutchaja batire likadzaza, choncho musaweruze musanayatse nyale.

Mphamvu ikakhala yotsika musathamangire kumasula alitaneta. Yang'anani lamba injini itazima: mukamusindikiza ndi chala pakati alowe pafupifupi sentimita imodzi, asakhale wong'aluka kapena wonyowa oyilo. Ufa woyera kapena wobiriwira pamitu ya batire mutsuke ndi madzi a soda wophikira, mupale ndi kumanga zolimba. Kenako, injini ikulira nyale zili zoyaka, ikani chingwe chimodzi cha mita pa bawuti yaikulu ya B+ kumbuyo kwa alitaneta, china pa mutu wa + wa batire. Zikapitirira 0.5V, magetsi akutayika m'waya kapena pa fyuzi yaikulu. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa thupi la alitaneta ndi mutu wa −. Apa zisapitirire 0.2V. Samalani zala ndi malaya pafupi ndi lamba.

Kanyale ka batire pa dashibodi kayake mukatembenuza kiyi, kazime injini ikalira. Kakapanda kuyaka n'komwe, onani babu ndi kapulagi ka alitaneta, chifukwa pa magalimoto ena akale kutchaja kumayambira pa babu limenelo. Kakamaphethira, kawirikawiri mabulashi a m'kati mwa alitaneta atha, ndipo amasinthidwa paokha. Pomaliza tembenuzani mita pa AC, muyeze pa batire injini ikulira: kupitirira 0.5V ndiye kuti diode yapsa. Diode yotero imathanso kumwa batire usiku galimoto ili chiimire.