Mbiri ya banja isungidwe m'nkhokwe zitatu

Mwezi watha mayi wina wa ku Rosettenville anandibweretsera laputopu yosayaka. Munali zithunzi za ukwati wa makolo ake, chiphaso cha agogo ake amene anagwira ntchito m'migodi nthawi ya Wenela, komanso mawu a azakhali ake akulongosola mfunda wawo ndi midzi imene mtundu wawo unadutsa usanakhazikike ku Ntcheu. Azakhaliwo anatisiya chaka chatha. Okonza makompyuta anayesa, koma hard drive, kachipangizo kosunga mafayilo m'kati mwa laputopuyo, inali itafa. Mayiyo anangoti, "Ndiye kuti mawu aja apita?" Ndinasowa choyankha.

Abale anga a kuno ku Johannesburg, mlimi wanzeru saika mbewu yonse m'thumba limodzi. Fayilo iliyonse ya mbiri ya banja ikhale malo atatu: pa kompyuta yanu, pa hard drive yapadera yochita kulumikiza kapena fulashi, ndi pa intaneti. Amodzi mwa malo amenewa akhale kutali ndi chipinda chomwe mumagona, chifukwa moto kapena akuba akalowa, laputopu ndi fulashi yomwe ili m'chikwama chomwecho zimapitira limodzi.

Pa intaneti malo aulere alipo. Google Drive imapatsa 15 GB, OneDrive 5 GB, Dropbox 2 GB. Mukaika pulogalamu ya imodzi mwa zitatuzi pa makompyuta awiri n'kulowa ndi akaunti imodzi, chimene mwasintha pa kompyuta ya kuno chimaonekeranso pa ya mchimwene wanu ku Lilongwe ikangolumikizidwa.

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika, ndipo ndikupempha mumvetsetse. Kulumikiza makompyuta sikusunga. Mwana akafufuta chithunzi pa kompyuta imodzi, chimafufutikanso pa inzake. Google Drive imachisunga m'bini masiku 30 okha, kenako chapita. N'chifukwa chake hard drive yapadera ija ndi yofunika: koperani zonse kamodzi pamwezi, mukatha muizule n'kuiika padera. Musaisiye ili yolumikiza, pakuti magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu amatha kuwononga zonse ziwiri. Musamakoperenso nthawi yoti magetsi atsala pang'ono kuzimitsidwa.

China chimene chimasokoneza mabanja ndi anthu awiri kulemba m'fayilo imodzi nthawi imodzi. Inu mwawonjezera dzina la mdzukulu, mlongo wanu wakonza chaka chimene agogo anabadwa, mapeto ake pakhala mafayilo awiri osiyana ndipo palibe akudziwa loona. Gwirizanani kuti wolemba akhale mmodzi, ena azimutumizira zokonza. Ngati mndandanda wa mibadwo mumaulemba ndi pulogalamu yapadera, muziutulutsanso ngati fayilo ya GEDCOM, imene mapulogalamu ambiri a mbiri ya mabanja amaiwerenga.

Mayina a mafayilo akhale omveka. "IMG0042" sanena kanthu kwa mdzukulu wanu. Lembani chaka, munthu ndi malo, monga "1972 agogo aamuna ku mgodi". Dzina la mudzi, la mfumu ndi mfunda muzilembe m'kafayilo kena m'foda momwemo, akuluakulu odziwa akadali moyo.

WhatsApp si nkhokwe. Zithunzi imazichepetsa, moti zolembedwa pa chiphaso chakale siziwerengeka bwino. Potumiza chithunzi kumudzi sankhani pomwe palembedwa "document" kuti chipite monga chilili.

Akaunti nayo imafuna kuisamala. Google inalengeza kuti itha kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito. Ambiri timasinthanso nambala za foni pafupipafupi, ndiye tsiku loiwala pasiwedi uthenga umapita ku SIM yomwe tinataya kalekale. Mukasintha nambala, isintheninso mu akaunti tsiku lomwelo, ndipo pasiwedi muilembe papepala n'kupatsa m'bale mmodzi wodalirika.

Wina wachibale akamakwera basi yopita kwathu pa Disembala, mupatseni fulashi yokhala ndi zonse akasiye kwa malume kapena kwa mayi. Musanamupatse, itseguleni pa kompyuta ina, muone zithunzi zingapo ndi kumvera mawu aja kuti mutsimikize kuti akumveka.