Injini yakale ya boti: konzani kaye za moto musanaitumize kunyanja

Abale a kuno ku Joni, ambiri mukumagula tiinjini takale ta boti, ma Johnson ndi ma Evinrude, kwa anthu oyenda ku Vaal Dam ndi Hartbeespoort kuti mutumize ku Mangochi kapena Nkhata Bay azikaphera usipa. Nzeru yabwino, koma injini ikamakana kulira musathamangire kumasula kabuleta, nthawi zambiri vuto ndi moto wa ku pulagi.

Tiinjini tating'ono topangidwa chisanafike chaka cha 1977 tambiri timagwiritsa magineto, batire palibe. Pansi pa fulaiwilo (gudumu lolemera lozungulira pamwamba pa injini) pali koilo, mapointi (tizitsulo tiwiri togundana n'kutseguka) ndi kondensa, silinda iliyonse zakezake. Fulaiwilo ikamazungulira maginito ake amadutsa pa koilo, mapointi akatseguka moto umalumphira ku pulagi, basi. Ndiye yesani kaye ndi tesita ya moto, moto wabwino uzilumpha pafupifupi mamilimita 6. Kungogunditsa pulagi pa bodi ya injini n'kuona kamoto sikokwanira ayi, mkati mwa silinda muli kompuresheni ndipo kamoto kofooka kamazima.

Pochotsa fulaiwilo gwiritsani pula (chida chozulira fulaiwilo) ya mabawuti atatu. Zomenya ndi hamala zija chonde siyani, muononga kilankishafiti, ndipo Evinrude anasiya kupanga mu 2020 ndiye sipeya wake sapezeka chisawawa. Mukatsegula yang'anani makoilo, akale aja amang'aluka ndipo chinyontho chikalowa moto umathawa. Ong'aluka tayani osamata ndi guluu. Sinthaninso makondensa, mawaya a mapulagi (a kopa mkati, osati agalimoto a kaboni aja) ndi mapulagi omwe. Mapointi atseguke mamilimita 0.5, pulagi 0.76, yezani ndi fila geji osati ndi maso.

Tsopano nkhani imene ambiri amafunsa, ya kamodyulo kamagetsi kolowa m'malo mwa mapointi ndi kondensa. Kamagwira ntchito, palibe chokhudzana ndiye palibe chotha kapena kuchita dzimbiri, simuyezanso gapu. Injini ya masilinda awiri imafuna awiri, ndipo waya wa ethi mumange pachitsulo chopala bwino. Koma kamodyulo sikachiritsa koilo yakufa, anthu amataya marandi pamenepa. Komanso ganizirani kumene injini ikupita. Mapointi akada msodzi amatha kupukuta ali pagombe n'kubwerera pamadzi, pomwe kamodyulo kakapsa kapsa, sikachenjeza, ndipo kunyanja kwathu mwera ukayamba usiku si nthawi yoti injini izime. Amakanika akumeneko anazolowera injini za Yamaha Enduro, osati zimenezi. Ine ndimati ngati ndi yoyendera ku Vaal pa wikendi ikani kamodyulo, ngati ikupita kumudzi mapointi atsopano ndi makoilo atsopano zakwana, kapena ikani koma mapointi ndi makondensa muwatumize limodzi m'kapepala ka pulasitiki.

Pobwezera fulaiwilo onani kiyi ngati siinadyeke chifukwa ndi imene imagwira taimingi (nthawi imene moto umalumphira ku pulagi), pokhalira pake pakhale pouma opanda girisi, nati mumange ndi sipanala ya toku monga buku la injiniyo likunenera.

China chimene chimapusitsa anthu kuno. Johannesburg ili mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere pomwe nyanja ya Malawi siifika ndi 500 omwe, mpweya kuno ndi wopepuka ndiye injini imamveka yofooka ngakhale moto uli bwinobwino. Musayambe kugwiragwira taimingi. Ndipo ngati mwini wakale anachepetsa jeti (kabowo kodutsa mafuta mu kabuleta) kuti igwirizane ndi kuno, ibwezereni yoyamba ija isanakwere thiraki, apo ayi ikafika kunyanja mafuta azidzachepa, pisitoni n'kupsa.

Poyesa muike mwendo wa injini mu diramu ya madzi, kuliza pouma ngakhale pang'ono impela (kampira kopopa madzi oziziritsa injini) imapsa.