Momwe mungachitire hayala ndege pothawa nkhondo: zimene ndinaphunzira ku Juba

Lachisanu pa 8 Julayi 2016, dzuwa litapendeka, mfuti zinayamba kulira kunyumba ya boma ku Juba pamene Pulezidenti Salva Kiir ndi wachiwiri wake Riek Machar anali m'katimo pa msonkhano. Kutacha linali tsiku lokumbukira kuti South Sudan yatha zaka 5 ili pa ufulu, koma panalibe wovina. Lamulungu ndi Lolemba ndiye zinafika poipa, akasinja m'misewu, mahelikopita akuwombera kuchokera m'mwamba. Ine ndinali wosamalira za maulendo ndi katundu pa kabungwe kena kothandiza anthu, ndipo udindo wotulutsa anthu 14 m'dzikomo unagwera pamutu panga. Ndege za masiku onse zinali zitasiya kubwera. Njira inatsala inali kuchita hayala ndege yathuyathu.

Amalawi amene akugwira ntchito m'mabungwe ku Congo, South Sudan, Somalia ndi kumpoto kwa Mozambique achuluka masiku ano, ndipo ena akhala akundifunsa kuti zimenezi zimayenda bwanji. Ndilemba mmene ndinachitira, kuphatikizapo pamene ndinapunthwa.

Choyamba: kodi ndege itera pati?

Musanaimbire foni aliyense, dziwani ngati bwalo la ndege lili lotsegula komanso amene akulilamulira ndi ndani. Ndalama zanu zingachuluke bwanji, ndege siitera pa bwalo limene pakugwa mabomba. Ku Khartoum nkhondo itabuka pa 15 Epulo 2023, bwalo lenilenilo ndi limene linasanduka malo omenyanirana, ndege zinapsera pansi pomwepo, ndipo anthu ambiri anathawa pa basi kupita ku Port Sudan kapena ku malire a Egypt. Ku Goma, ku Congo, mu Januwale 2025 chimodzimodzi, gulu la zigawenga la M23 litalowa mumzinda bwalo linatsekedwa. Pamenepo za hayala muiwale, yang'anani msewu.

Ife ku Juba tinachita mwayi. Lolemba madzulo mbali ziwirizo zinalengeza kuti zaleka kuwomberana, ndipo Lachiwiri bwalo linayamba kulandira ndege zodzatenga anthu. Nkhani ya bwalo musaifunse kwa mlonda wa pageti kapena pa gulu la WhatsApp. Funsani kampani ya ndege ikuwerengereni NOTAM, chidziwitso chimene oyendetsa ndege amalandira chonena za bwalo lililonse, ndipo funsaninso a chitetezo a UN ngati bungwe lanu limagwira nawo ntchito. Chinanso, bwalo la Juba nthawi imeneyo linkagwira ntchito masana okha. Dzuwa likalowa, basi, mawa.

Chachiwiri: werengani anthu, kenako muwayeze

Mtundu wa ndege umatengera kuchuluka kwa anthu ndi kulemera kwawo. Anthu akamva za ndege ya hayala amaganiza za zija za mipando yachikopa zimene amakwera mabwana a migodi. Kuno kwathu ku Africa zimene zimapulumutsa anthu ndi za mapulopela, zija zokhala ndi zopalasira mphepo zozungulira: Cessna Caravan imanyamula anthu 12 kapena kucheperapo, King Air ochepera pamenepo koma imathamanga, Beechcraft 1900 ndi Let 410 zimanyamula 19, Dash 8 imayambira 37 kupita m'tsogolo. Zambiri zimakhala pa Wilson Airport ku Nairobi ndi ku Entebbe.

Lembani mndandanda: dzina monga lilili mu pasipoti, nambala ya pasipoti, dziko, tsiku lobadwa, ndi makilogalamu a munthu aliyense. Apa anthu amanama, makamaka ife abambo a mimba. Ine ndinatenga sikelo ya kustolo yoyezera matumba a chimanga n'kuiika pakhonde, aliyense n'kukwerapo chikwama chili kumsana. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana ngati ndamutukwana, koma anakwera. Kutentha kwa ku Juba kumachepetsa katundu amene ndege inganyamule ponyamuka, ndiye mipando 19 sikutanthauza anthu 19 ndi masutikesi awo.

Chachitatu: musalankhule ndi dobadoba ngati mwini ndege alipo

Apa ndi pamene ndinagwa, choncho ndichedwapo.

Mu bizinesi imeneyi muli anthu a mitundu iwiri. Pali kampani imene ili ndi ndege zake, oyendetsa ake ndi chiphaso cha boma chotchedwa AOC chololeza kunyamula anthu pa malipiro. Ndiye pali amene ali ndi foni ndi laputopu basi, ntchito yawo n'kukulumikizani ndi mwini ndege iwo n'kudyapo yawo. Ena mwa iwo ndi akatswiri enieni, amakupezerani ndege pamene inu mwalephera. Koma nkhondo ikabuka kumatuluka madobadoba ngati inswa mvula yoyamba, ofanana ndendende ndi aja amakuzungulirani mukapita kukapangitsa pasipoti kapena laisensi kumudzi kuno.

Lamulungu usiku, ndili chigonere pansi pa tebulo chifukwa cha zipolopolo, mnzanga wina ananditumizira nambala ya munthu wa ku Nairobi. Analankhula bwino munthuyo, modekha, ngati m'busa. Anati ndege ilipo, ya mipando 19, n'kunditumizira chithunzi chake ndi nambala ya kumchira. Ndinasangalala moti sindinafunse kuti ndegeyo ndi ya ndani. Likulu lathu linatumiza theka la ndalama Lolemba m'mawa. Ndinatenga nambala ya kumchira ija n'kuilemba pa kalata yopempha chilolezo chotera, mnzathu wa konko n'kuyamba kuthamanga nayo m'maofesi mfuti zitangoleka.

Mwina simukudziwa: chilolezo chotera sichiperekedwa kwa inu kapena kwa bungwe lanu. Chimaperekedwa kwa ndege imodzi, ya nambala yakutiyakuti, tsiku lakutilakuti, kuchokera kwakuti. Nambala ikasiyana chilembo chimodzi chokha, pepalalo ndi lokulungira mandasi.

Lachiwiri chakumasana chilolezo chinatuluka. Ndinauza anthu kuti amange nsapato. Kenako dobadoba uja anaimba, mawu ake odekha omwe aja: "Boss, pali kusintha pang'ono." Ndege ija sibwera, ati a inshulansi akana kuti ipite kumalo a nkhondo, koma wapeza ina yabwino kuposa yoyamba. Ina! Ya nambala ina, ya kampani ina, yopanda chilolezo. Ndinamufunsa ngati ankadziwa za inshulansi kuyambira pachiyambi, iye n'kuyamba kundiuza za ubwino wa mipando ya ndege yatsopanoyo. Zinadziwika pambuyo pake kuti ndege yoyambayo sanaigwire n'komwe. Anangoitchula kuti ndalama ilowe, kenako n'kuyamba kusakasaka.

Tsiku lonse linapita. Ndinaima panja ndikuona ndege za anzathu zikunyamuka imodziimodzi, anthu anga 14 atakhala pa zikwama zawo pakhonde osandilankhula. Palibe amene ankadziwa ngati kuleka kuwomberana kuja kufika mawa. Usiku umenewo sindinagone, mfuti ikangolira kamodzi patali mtima kuti phwii.

Ndiye inu chitani izi, ngakhale zipolopolo zikudutsa padenga. Funsani dzina la kampani yoyendetsa ndegeyo ndipo akutumizireni chithunzi cha AOC. Onani ngati nambala ya kumchira ikupezeka pa mapepala a kampaniyo. Zilembo zoyambirira zimakuuzani kumene ndege inalembetsedwa: 5Y ndi Kenya, 5X ndi Uganda, ZS ndi South Africa, monga zathu zimayamba ndi 7Q. Kenako pemphani kalata ya inshulansi, ndipo musangoona chidindo, werengani. Inshulansi wamba ya ndege siikhudza nkhondo. Pamafunika ina yapadera, imene iwo amaitcha war risk, ndipo dzina la dziko limene mulilo lionekepo. Pomaliza imbani ku ofesi ya kampaniyo pa nambala imene mwaipeza nokha, mufunse kuti: "Kodi ndege yakutiyakuti mwaisungira ife mawa?" Funso limeneli likanandipulumutsa. Safunsa anadya phula.

Ndipo wina akakuuzani kuti "chilolezo musadandaule, tili ndi munthu wathu ku tawa," dulani foni. Ndege yotera mopanda chilolezo m'dziko limene asilikali ali ndi mantha imagwidwa, oyendetsa n'kutsekeredwa, inu n'kuyamba kufunsidwa kuti munkafuna kuzembetsa ndani.

Chachinayi: ndalama

Mtengo amawerengera pa ola limene ndege ili m'mwamba, ndipo mumalipira ulendo wonse, kubwera yopanda munthu ndi kubwerera. N'chifukwa chake ndege yochokera ku Entebbe imatsikirapo poyerekeza ndi ya ku Nairobi, mtunda wake ndi waufupi. Pamwamba pake amaikapo inshulansi ya nkhondo ija, ndalama zoterera, za othandiza pabwalo, ndi za kudikira ngati mwachedwa kufika. Zonsezi zilembedwe pa pepala limodzi musanalipire. Mtengo umene munauzidwa m'mawa pofika madzulo umakhala utakwera, chifukwa mabungwe onse akulimbirana ndege zomwezo, ndiye kunenerera kwa ku msika wa Lizulu kuno sikugwira.

Njira yachidule imene inatithandiza ndi kugawana. Tinali 14 pa mipando yoposa pamenepo, ndiye tinatenga anthu atatu a bungwe lina iwo n'kulipira gawo lawo. Mukamva kuti bungwe lina lili ndi mipando iwiri yotsala lero, ikanimo anthu anu awiri, odwala ndi amayi oyembekezera patsogolo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Amafuna madola, ndipo ndege siinyamuka asanaone ndalama. Nkhondo yathu inayamba Lachisanu madzulo mabanki akutseka, kotero ndalama yotumizidwa pa banki inkatenga masiku. Kampani zambiri zimavomera umboni wa SWIFT wosonyeza kuti ndalama yanyamuka, koma gwirizanani zimenezo poyamba. Khadi la banki ya kumudzi musalidalire, nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, ndipo achibale ku Lilongwe sangakupezereni madola tsiku limodzi ngakhale atagulitsa galimoto. Ngati muli pa ntchito, funsani abwana anu lero, kusanaipe, ngati bungwe lili ndi inshulansi yosamutsa antchito pa nthawi ya nkhondo, komanso ngati inu Mmalawi dzina lanu lilimo kapena ndi ya azungu okha. Madola a m'thumba akhale atsopano, osang'ambika. Akale amawakana.

Theka lija tinalipira kwa dobadoba, gawo lina linabwera patatha miyezi, lina mpaka lero.

Chachisanu: kumene mukupita akulandirani?

Ife a pasipoti ya Malawi tilibe vuto kwenikweni ku Kenya ndi ku Uganda, koma onani malamulo atsopano chifukwa amasinthasintha, ndipo m'gulu lanu mungakhale wa dziko lina wofunika viza. Kabuku kachikasu ka katemera wa yellow fever kakhale m'thumba limodzi ndi pasipoti.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi anzathu a ku South Sudan. Pa mndandanda panalibe dzina lawo, chifukwa malamulo a mabungwe ambiri amasamutsa obwera okha, komanso masiku amenewo a chitetezo ankabweza amuna a dzikolo pabwalo la ndege. Dalaivala amene anatiperekeza anatsitsa zikwama zathu, kutigwira chanza mmodzimmodzi, n'kubwerera kumene tinkathawako. Musananyamuke asiyireni malipiro a miyezi ingapo, mafuta, chakudya ndi mayunitsi, ndipo musawalonjeze mpando umene mulibe.

Tsiku lonyamuka

Nthawi imene woyendetsa ndege wakuuzani mufunse ngati ndi ya konko kapena ya UTC, nthawi imodzi imene ndege za dziko lonse lapansi zimayendera, imene iwo amati Zulu. Mu 2016 Juba inali patsogolo ndi maola atatu, ndipo mu 2021 dzikolo linasintha n'kukhala maola awiri ngati kwathu kuno. Anthu asiyidwa ndi ndege chifukwa cha kanthu kameneka.

Musachoke pakhomo mpaka atakuuzani kuti ndege yanyamuka kumene ikuchokera. Galimoto ziwiri, mawindo otsitsa, magalasi akuda ovula, foni m'thumba. Pa rodibuloko alankhule munthu mmodzi yekha, msilikali mumutchule ndi ulemu ngakhale ali kamnyamata kosamera ndevu. Osajambula chilichonse, makamaka pabwalo la ndege. Mndandanda wa anthu musindikize makope asanu chifukwa aliyense wovala yunifolomu afuna lake. Madzi, mankhwala, chaja.

Za ku immigration ndi zina zotsatira mukazionera konko, n'chimodzimodzi kulikonse, kungoti mzere ndi wautali ndipo kulibe mthunzi. Ife tinanyamuka Lachitatu masana ndi ndege imene ndinaipeza poimba ndekha ku kampani, chilolezo chachiwiri chili m'manja. Woyendetsa sanazimitse injini nthawi yaitali. Anawerenga mitu, anayang'ana chikwama cha mayi uja n'kunena kuti chitsale, mayiwo anatulutsamo Baibulo ndi mankhwala a shuga n'kuchisiya pa phula. Patangopita ola ndi theka tinali tikuona nyanja ya Victoria pansi, ndipo foni yanga itagwira netiweki ku Entebbe uthenga woyamba unali wa dobadoba uja, akufunsa ngati tikuifunabe ndege.