Kamangidwe ka Tindege Tankhondo ta Pulasitiki

Munthu amene akufuna kuyamba kumanga tindege tankhondo ta pulasitiki kuno ku Harare ayenera kuyamba ndi kumvetsa manambala olembedwa pa bokosi. Akalemba 1:72, ndiye kuti sentimita imodzi ya kandegeko ikuimira masentimita 72 a ndege yeniyeni, choncho Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain imene mapiko ake amapitirira pang'ono mamita 11, imatuluka ya masentimita pafupifupi 15 ndi theka. Msinkhu umenewu ndi woyenera woyamba kumene, chifukwa zidutswa zake ndi zochepa ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi wa 1:48. Mabokosi a makampani a Airfix, Revell ndi Tamiya sapezeka wamba m'masitolo muno, ndipo ambirife timatuma achibale ochokera ku Johannesburg, n'chifukwa chake bokosi lililonse liyenera kusamalidwa ngati dzira.

Ine ndimalimbikitsa kuyamba ndi Hawker Hunter, ndege ya ku Britain imene inatumikira dziko lino kuyambira zaka za m'ma 1960 ndipo inapitiriza kuuluka ufulu utabwera mu 1980. Makolo athu amene anachokera ku Malawi n'kukhazikika ku Mbare ndi ku Highfield amaikumbukira phokoso lake, ndipo amene angathe kupita ku Gweru akaiona yeniyeni kumalo osungirako zinthu zakale za asilikali, n'kuonetsetsa mitundu yake asanagule penti.

Mukatsegula bokosi, tsukani zidutswa zonse m'madzi ofunda a sopo, popeza zimabwera ndi timafuta ta kufakitale timene timakaniza penti kugwira. Musathyole chidutswa ndi zala pochichotsa pa chimango chake. Chiduleni ndi kampeni kakuthwa, kenaka musalaze podulapo ndi sandipepala wosalala. Musanapake guluu, yamba mwalumikiza zidutswazo zili zouma kuti muone ngati zikukumana bwino, chifukwa guluu wa pulasitiki amagwira posungunula pulasitikiyo, ndipo mbali ziwiri zikamatana mokhota palibenso kubwerera. Kadontho kakang'ono kotengera kunsonga ya kamtengo kotokosera m'mano n'kokwanira.

Mpando wa woyendetsa ndi zonse za m'kati zipentedwe thupi la ndege lisanatsekedwe. Pa nthawi yomweyo, kumbukirani kuti Hunter ili ndi tayala lakutsogolo, kotero kandegeko kamakhalira mchira ngati kumphuno kwake kulibe cholemera. Hunter yanga yoyamba ndinaimaliza patapita milungu itatu, koma nditaiika pa tebulo inagwera kumbuyo, mphuno ili m'mwamba, ndipo zinandipweteka mtima kwambiri. Timanati tiwiri kapena titatu tachitsulo, tomatidwa m'kati mwa mphuno, tikanathetsa vutolo.

Kupenta ndi kumene kumafuna kuleza mtima koposa. Penti ya Humbrol ya m'tizitini ting'onoting'ono iyenera kutakasidwa mokwanira ndi kusungunulidwa pang'ono ndi thina, mankhwala osungunulira penti, ndipo ndi bwino kupaka katatu mopyapyala, kudikira kuti iume nthawi iliyonse, kusiyana ndi kupaka kamodzi mokhuthala n'kukwirira timizere tonse ta pamapiko. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala limatera pa penti yaiwisi mosaoneka, choncho mukamaliza vundikirani kandegeko ndi beseni loyera. M'nyengo ya mvula penti imachedwa kuuma, ndiye ipatseni tsiku lathunthu. Pentani masana pafupi ndi windo lotsegula, kuti muone mtundu weniweni komanso kuti fungo lisakulowe m'mutu, ndipo magetsi akathima musayerekeze kupentera pafupi ndi kandulo, chifukwa thina amayaka msanga.

Galasi lophimba woyendetsa limatidwe ndi guluu woyera wa matabwa, amene akauma saoneka, popeza guluu wamphamvu uja amalichititsa nkhungu. Zizindikiro zomata ziviikidwe m'madzi ofunda kwa kanthawi kochepa, kenaka zikankhidwe ndi burashi yonyowa kuchoka pa pepala kupita pamalo pake. Zimagwira bwino pa penti yonyezimira, choncho pakani vanishi wowala musanazimate, ndipo zikauma pakaninso wosawala kuti kandegeko kaoneke ngati ndege imene yagwira ntchito. Matayala ndi tinyanga ta wailesi muike pomalizira penipeni, chifukwa ndi tomwe timathyoka msanga m'manja.