Musatenthe zitsononkho, zikuyeretsereni madzi otayidwa

Inu a m'mbali mwa Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe amene muli ndi makola a nkhumba, maiwe a nsomba kapena madimba othira feteleza, madzi otuluka pamalo panu akhoza kuoneka oyera koma atanyamula mchere wa naitireti. Mcherewu umanenepetsa ndere ndi namasupuni, ndipo ukalowa m'chitsime umasokoneza magazi a makanda osakwana miyezi 6 mpaka milomo kuchita bii. Bungwe la WHO limati naitireti m'madzi akumwa asapyole mamiligalamu 50 pa lita. Kuwiritsa sikuchotsa naitireti, kumangomuunjika.

Omuchotsa ndi mabakiteriya monga Pseudomonas ndi Paracoccus, omwe ali kale m'dothi. Akasowa okosijeni amapumira naitireti n'kumusandutsa mpweya wa naitirojeni wopita m'mwamba. Koma wanjala salima. Amafuna chakudya cha kaboni, ndipo madzi amene akhala nthawi m'dziwe kapena adutsa mumchenga nthawi zambiri amakhala ndi kaboni wochepa. Kumayiko akunja amathira mankhwala ogula otchedwa methanol kuti akhale chakudyacho. Ife bwanji tigule pamene zitsononkho tikuzitentha pakhomo?

Kumbani ngalande yakuya mita imodzi, yalani pulasitiki wakuda, dzazani zitsononkho zouma zosakaniza ndi tizibenthu ta mitengo, kenako kwirirani ndi dothi, ndipo madzi otayidwawo azidutsa m'menemo. Paipi yotulutsira madzi ikhale m'mwamba kuti zonse zikhale zomira nthawi zonse. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Mpweya ukalowa, mabakiteriya amasiya naitireti n'kumadya zitsononkho mwaulere. Zitsononkho zimapatsa chakudya msanga koma zimaola msanganso, pomwe mitengo imatha zaka zambiri, n'chifukwa chake ndikuti sakanizani. Matabwa opaka mankhwala a chiswe ayi ndithu.

Madzi aziyenda pang'onopang'ono, azikhalamo maola angapo. Mukamva fungo la dzira lovunda, ndiye kuti akukhalitsa, tsegulirani pang'ono. Mu June ndi July mabakiteriya amachita ulesi ndi kuzizira, choncho chepetsani liwiro. Masabata oyamba madzi amatuluka ofiirira ngati tiyi. Amenewo thirirani mitengo, asapite kumtsinje.

Madzi ochokera m'khola kapena m'thanki ya chimbudzi amakhalanso ndi amoniya (wochokera mumkodzo ndi ndowe), amene ngalandeyi siimukhudza. Ayambe adutsa pamchenga ndi timiyala polowa mpweya kuti amoniya asanduke naitireti. Ngalandeyi siipha tizilombo ta kolera, madzi ake si akumwa.