Momwe mungachitire kuti foni isamalande mwana wanu tulo

Ndimakhala ndi mwana wa achimwene anga, mtsikana wa Fomu 3, anabwera kuchokera kumudzi kuti aziphunzira kuno kutauni. Temu yoyamba zonse zinali bwinobwino, kenako bambo ake anamutumizira kafoni ka Tecno kuti azilankhulana, ndiye pasanathe miyezi iwiri mwana uja anasintha, m'mawa kumudzutsa mpaka katatu, tiyi osamaliza, maso ali psuu, ukamufunsa kanthu kuyankha mokalipa. Tsiku lina ndinadzuka cha m'ma 1 koloko usiku ndikusuzumira kuchipinda kwake, wafunda bulangete mpaka kumutu koma mkatimo mukuwala ngati mwalowa chiphaniphani. Amvekere "anti ndikuwerenga manotsi a Biology pa gulupu", koma chala chinali pa TikTok. Mtima unandiwawa chifukwa ndi mwana wanzeru ndipo MSCE ili pafupi. Zomwe tinachita kunyumba kwathu ndi izi, mwina zithandiza wina.

Choyamba, onani manambala musanakalipe

Foni imasunga yokha nthawi yomwe munthu wakhalapo. Pa mafoni ambiri a Android, kaya Tecno, itel, Infinix kapena Samsung, lowani mu Settings mupeze pomwe palembedwa Digital Wellbeing, pa iPhone ndi Screen Time. Mmenemo muona maola a tsiku lililonse, app yomwe yadya nthawi yambiri komanso kuti foni yatsegulidwa kangati. Koma yambani ndi foni yanu inuyo, mwana akuona. Ine ndinamuonetsa yanga, WhatsApp ndi Facebook zinali pamwamba ndipo ndinavomera kuti nanenso ndawonjeza, apo mpomwe iye anatulutsa yake osalimbalimba. Tinapeza maola opitirira 5 patsiku, iye mwini anagwira pakamwa chifukwa ankaganiza kuti mwina ndi awiri basi.

Nambala imeneyi musaitenge mwachibwana. Mu 2023 mkulu wa zaumoyo ku America, Vivek Murthy, anatulutsa chenjezo lonena kuti achinyamata omwe amatha maola opitirira 3 patsiku pa social media chiopsezo chawo chokhala ndi nkhawa komanso kukhumudwa chimawirikiza kawiri.

Chachiwiri, foni izigona pabalaza

Ngati pa zonsezi mungakwanitse chimodzi chokha, chikhale ichi. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, tsono ana athuwa amadzuka 5 koloko kukolopa, kuphitsa madzi osamba ndi kuthamangira minibasi, ndiye werengani nokha, akagona 1 koloko wagona maola 4 okha, m'kalasi azingosinza ndipo zomwe aphunzitsi anena sizikhala m'mutu. Thupi limatulutsa melatonin kukachita mdima ndipo ndi yomwe imabweretsa tulo, kuwala kwa sikirini pafupi ndi maso kumachedwetsa zimenezi. Chinanso ndi mavidiyowo, anawapanga kuti asamathe, ina ikatha ina yabwera kale, palibe poti munthu unganene kuti apa ndamaliza. Munthu wamkulu zimamuvuta kusiya, nanji mwana ali yekha mumdima.

Ndiye sankhani malo amodzi pabalaza, ife ndi pa kabati pafupi ndi soketi, ikani matchaja onse pamenepo ndipo mugwirizane nthawi. Kwathu ndi 9 koloko, Lachisanu ndi Loweruka timawonjezera ola limodzi. Mafoni onse, wa bambo, wa mayi, wa mlendo wogona sabata, onse pamenepo. Mukasiya yanu pansi pa pilo nkumati lamuloli ndi la ana okha, silitha sabata.

Zifukwa zibwera ndipo zina ndi zomveka, konzekerani mayankho. Akati foni ndi alamu yanga, gulani kawotchi ka alamu kumsika kapena mupatseni kafoni ka mabatani kopanda intaneti. Akati bandulo ya usiku ndi yotchipa ndikufuna kudawuniloda mapepala a mayeso akale, ndi zoona imatchipa, koma foni ikhoza kudawuniloda ili pa kabati mwini wake akugona. Akati magetsi amabwera pakati pa usiku, isiyeni ili kale pa tchaja, akayaka idzaza yokha. Ngati muli ndi wodwala kumudzi ndipo mukuopa kuphonya foni yadzidzidzi, kwezani ringing, nyumba zathuzi foni ikalira pabalaza aliyense amamva.

Masiku atatu oyamba mtsikana wathu anakwiya zedi, ankangotembenuka pabedi tulo osabwera, m'mawa moni wake wa pakhosi. Musagonje pamenepo, thupi likhala likuzolowera.

Chachitatu, tontholetsani foniyo masana

Khalani naye pansi muzimitse ma notification a TikTok, Facebook ndi Instagram, musiye a mafoni oimba ndi mameseji basi. Magulupu a WhatsApp omwe amangotumizirana ma sticker apangeni mute, ena atulukemo ndithu, gulupu la kalasi lokha likhale. Mu Digital Wellbeing momwemo muli App timers, mumaika kuti app iyi mphindi 45 patsiku ndipo zikatha imatsekeka mpaka mawa, mulinso Bedtime mode yomwe imatha kusandutsa sikirini kukhala yotuwa, yopanda mitundu, ndipo mavidiyo akatero sakomanso. Nambala ya mphindizo atchule yekha mwanayo kenako mukambirane, yomwe watchula ndi pakamwa pake amaisunga kusiyana ndi yomupatsa.

TikTok kuyambira 2023 imaika malire a mphindi 60 patsiku kwa omwe sanakwane zaka 18, koma ana ambiri ananama chaka chobadwa potsegula akaunti ndiye malirewo sawakhudza. Mufunseni kuti analemba chaka chanji. Mukhozanso kulumikiza akaunti yake ndi yanu kudzera pa Family Pairing, kapena kuika Family Link ya Google, app yothandiza makolo kuyang'anira foni ya mwana, ngati mwanayo ndi wamng'ono. Ndipo ma app onsewa malamulo awo amati munthu akhale wa zaka 13 kupita m'mwamba, wa Sitandade 5 alibe chochita kumeneko.

Chachinayi, dziwani zomwe akuona

Maola ndi mbali imodzi, zomwe zikulowa m'maso ndi mbali ina. Ine ndinangomupempha kuti andionetse anthu omwe amawatsatira, tinkaonera limodzi ndikuseka zina, kenako ndinaona kuti ambiri ndi atsikana oyera mbee a mawigi odula, ali m'mahotela, ndipo pakati pa nkhani anandifunsa mtengo wa mafuta oyeretsa khungu. Apa mpomwe ndinadziwa kuti nkhaniyi yalowa mkati. Mu 2021 mayi wina yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anaulula zikalata zoonetsa kuti kampaniyo inkadziwa kuchokera mu kafukufuku wake womwe kuti Instagram imapangitsa atsikana ena kudana ndi matupi awo. Muuzeni mwana zoti zithunzi zambiri ndi za filter, ndipo mumufunse funso limodzi pa akaunti iliyonse, ukamaliza kuonera ameneyu umamva bwanji mumtima. Yemwe amamusiya akudziona wachabechabe amupange unfollow pompo, m'malo mwake atsatire zophika, zosoka, mpira, masamu, chilichonse chomwe amakonda, chifukwa app imabweretsa zofanana ndi zomwe waonera nthawi yaitali.

Kwa anyamata yang'anirani kandege, juga ya pa foni ija, ndi kubetcha mpira. Mukaona ndalama ya transipoti kapena ya fizi ikusowa, mameseji a mobile money akufufutidwa, funsani msanga isanafike pa ngongole.

Palinso nkhani yomwe makolo timaopa kuitchula, ya anthu opempha ana zithunzi zamaliseche kenako nkumawaopseza kuti azimwaza m'magulupu akapanda kutumiza ndalama. Muuzeni lero zisanachitike kuti zikamuonekera abwere kwa inu ndipo simumumenya kapena kumulanda foni, chifukwa mantha amenewo ndi omwe amawatsekera ana pakamwa. Asatumize ndalama, asafufute mameseji, ajambule screenshot, apange block munthuyo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti komanso zolaula zokhudza ana, ndiye pitani ku polisi ku Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Chachisanu, nthawi yomwe yapulumukayo ikhale ndi chochita

Mukachotsa foni osaikapo kanthu mwana amangoyang'ana khoma. Netiboli, kwaya, bawo pakhonde, kusankha nyemba mukucheza, kupita kwa mnzake maso ndi maso. Kwathu tinawonjezapo kuti pa nsima palibe wogwira foni.

Za kulanda foni ndi kuitsekera musutikesi ine sindigwirizana nazo, pokhapokha zitafika poopsa. Anzake onse ali mmenemo, manotsi amadutsa mmenemo, ndipo mukalanda amakabwereka ya mnzake komwe simungaone chilichonse. Ku Australia boma linachita kukhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti a social media, kuno udindowo uli m'manja mwathu makolo, azakhali ndi amalume.

Pakatha masabata awiri tsegulaninso Digital Wellbeing muyerekeze ndi manambala oyamba aja, anu ndi ake. Zikatsika muyamikireni ndi mawu, olo kabandulo ka Loweruka. Koma mukaona kuti tulo tabwerera koma mwana akadali wokhumudwa, sakudya, akudzitsekera kuchipinda, wasiya zomwe ankakonda kapena akulankhula zofuna kudzipha, imeneyo si nkhani ya ma Settings, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo mukafotokoze zonse.

Wathuyu pano ikakwana 9 amakasiya yekha foni pa kabati, masiku ena amaiwala ndimamukumbutsa, masiku ena ndi iyeyo amagogoda kuchipinda kwanga nkumati "anti, yanu sindikuiona pa tchaja". M'mawa ndimamva tsache likulira panja ndisanamudzutse.