Netiweki Yakale ya Kampani Yanu: Momwe Mungadziwire Ngati Nthawi Yoisintha Yakwana

M'makampani ambiri akuluakulu muli kachipinda kozizira komwe anthu sakonda kulowamo. M'menemo muli marauta (zipangizo zotsogolera deta pa netiweki) omwe adagulidwa kalekale, mawaya opiringizana opanda zolembapo, ndipo munthu amene adazilumikiza adasiya ntchito zaka zapitazo. Koma netiwekiyo ikugwirabe ntchito. Nthambi za ku Mzuzu, Zomba ndi Mangochi zikulumikizana bwinobwino ndi likulu. Kenako kwabwera amalonda ndi timabuku tokongola tonena za njira zatsopano monga IPv6, Segment Routing ndi zina, ndipo abwana akuitanani mu ofesi n'kukufunsani kuti, "Kodi ifeyo tisinthe?" Ndalemba izi poganizira inuyo amene mukuyenera kuyankha funsolo.

Maganizo anga ndiwanene poyambirira. Ukalamba wa chipangizo si chifukwa chokwanira chochichotsera. Mumasintha netiweki pamene yakaleyo yakumangani manja, ndipo mumaisintha m'njira yoti yakale ndi yatsopano ziyendere limodzi mpaka mutakhutira.

Yambani ndi kudziwa zomwe muli nazo

Tengani tochi, laputopu ndi kachingwe ka console kolumikizira laputopuyo ku rauta mwachindunji, mulowe m'kachipinda kaja. Pa rauta iliyonse lembani mtundu wake, pulogalamu yomwe ikuyendetsa, kukula kwa memory, ndi tsiku lomwe kampani yoipanga idzasiye kuitumizira zokonza. Koperani configuration yonse (malamulo olembedwa mu rautayo) muisunge pamalo awiri. Kenako werengani mzere ndi mzere, ndipo pomwe simukumvetsa ikani chizindikiro.

Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma musaidumphe. Pamalo ena pomwe ndidagwirapo ntchito tidapeza static route (njira yolembedwa pamanja mu rauta) imodzi yopanda kufotokozera kulikonse, yoloza ku adiresi yomwe palibe ankaidziwa. Tidaichotsa madzulo poganiza kuti ndi zotsalira zakale. M'mawa mwake makina olipirira a panthambi ina adakana kugwira ntchito, anthu ali pamzere ndi katundu m'manja, wogulitsa akungoyang'ana pa sikirini. Kamzere kamodzi kameneko n'komwe kankasenza malonda a nthambi yonseyo. Kuyambira tsiku limenelo sindichotsa chinthu ndisanadziwe kuti chikutumikira ndani.

Za memory musazione mopepuka ngati marauta anu amalandira njira zonse za intaneti kudzera pa BGP, protocol (dongosolo louzirana njira pakati pa marauta) yolumikiza netiweki za makampani osiyanasiyana. Pa 12 August 2014 mndandanda wa njira za IPv4 (mtundu wakale wa maadiresi a intaneti) udadutsa 512,000, ndipo marauta akale ambiri omwe malire awo anali pomwepo adayamba kubalalika m'maiko osiyanasiyana. Lero mndandandawo udapitirira kale 900,000.

Tchulani vuto ndi dzina lake

Ngati simungathe kunena m'chiganizo chimodzi chomwe chikukupwetekani, musagule kanthu. Mavuto enieni omwe amakakamiza kusintha nthawi zambiri amakhala atatu.

Loyamba ndi kumangika kwa wogulitsa mmodzi. Netiweki zambiri zakale zimayendera EIGRP, protocol yopezera njira yomwe idapangidwa ndi kampani ya Cisco. Ngakhale kuti mu 2016 idasindikizidwa poyera ngati RFC 7868 (ma RFC ndi zikalata zofotokoza ukadaulo wa intaneti), makampani ena opanga marauta ndi ochepa kwambiri omwe adaiika m'zipangizo zawo. Choncho rauta ikapsa ndi chiphaliwali, mumabwereranso kusitolo yomweyo, pamtengo womwe akuuzeni. OSPF, protocol ina ya ntchito yomweyo, ndi yosiyana: marauta a Cisco, Juniper, Huawei, Nokia ngakhale MikroTik onse amamvana nayo. Kuno kwathu nkhaniyi ndi ya ndalama zenizeni, chifukwa zipangizozi timagula ndi madola. Amene adali ndi makotesheni patebulo mu November 2023, pomwe kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa kuti kukhala ndi ufulu wofunsa mitengo kwa ogulitsa atatu si nkhani yamasewera. Ngati vuto lanu ndi limeneli, ine ndimati sinthani, ndipo musachedwe.

Lachiwiri ndi kusowa kwa maadiresi. IPv4 ili ndi maadiresi pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo bungwe la IANA, loyang'anira maadiresi pa dziko lonse, lidagawa omaliza pa 3 February 2011. AFRINIC, yomwe imagawa maadiresi mu Africa kuchokera ku Mauritius, idalowa gawo lachiwiri la kugawa mopanira mu January 2020, moti pempho limodzi silingapose maadiresi 1,024. Zizindikiro zake mumaziona m'nyumba mwanu momwe: NAT (njira yoti makompyuta ambiri agwiritse ntchito adiresi imodzi) yoikidwa pamwamba pa NAT inzake, kapena makampani awiri aphatikizana n'kupeza kuti onse ankagwiritsa ntchito maadiresi am'kati ofanana a 10.0.0.0. IPv6, yomwe ili ndi maadiresi ochuluka kwambiri, ndiyo yankho lake, ndipo si yachilendonso. Makampani akuluakulu a pa intaneti adaiyatsa kotheratu pa 6 June 2012. Kwa kampani yogulitsa intaneti kapena sukulu yaukachenjede, funso latsala ndi lakuti muyambira pati.

Lachitatu likukhudza okhawo omwe ali ndi MPLS (njira yoyendetsera mapaketi, tizidutswa ta deta, powaika zizindikiro), ndipo pamenepa ndipomwe anthu amanyengedwa kwambiri. Mu MPLS yakale mumayendetsa OSPF kapena IS-IS yopezera njira, kuphatikizapo LDP yogawira zizindikiro za mapaketi, mwinanso RSVP-TE yosankhira njira zapadera. Chilichonse mwa izi chimatha kudwala pachokha, ndipo rauta iliyonse yapakati imayenera kukumbukira njira yapadera iliyonse yodutsa pa iyo. Segment Routing, yomwe idalongosoledwa mu RFC 8402 m'chaka cha 2018, imachita mosiyana. Rauta yapakhomo imalemba ulendo wonse pa paketi pomwepo. Zili ngati katundu wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre atalembedwa kuti adzere pa Dedza, pa Ntcheu, kenako pa Balaka. Wa pa Ntcheu safunika kusunga buku la katundu yense wodutsa, amangowerenga chomwe chalembedwa n'kutumiza. Zizindikirozo zimagawidwa ndi OSPF kapena IS-IS yomweyo, kotero LDP imachoka. Palinso njira yotchedwa TI-LFA yomwe imakonzeratu msewu wolambalala, kuti faiba ikadulidwa ndi okumba ngalande m'mbali mwa msewu, mapaketi apatuke pasanathe mamilisekondi 50.

Zonsezi n'zoona, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Segment Routing ili mitundu iwiri. SR-MPLS imagwiritsa ntchito zizindikiro za MPLS zomwe marauta anu akuzidziwa kale, kotero nthawi zambiri kungokweza pulogalamu kumakwanira. SRv6 imayenda pa IPv6, imakulitsa mutu wa paketi, ndipo kawirikawiri imafuna zipangizo zatsopano. Wogulitsa akakukankhirani ku SRv6, mufunseni kuti ikuthetsa vuto liti lomwe SR-MPLS singathetse pa netiweki yanuyo. Ndipo ngati ndinu kampani ya nthambi zochepa yomwe imangobwereka mizere kwa ena, Segment Routing si yanu. Isiyireni amene mumabwerekako mizereyo.

Werengani ndalama, muwerengenso anthu

Pamtengo wa rauta onjezani malayisensi, mgwirizano wa chaka ndi chaka wothandizidwa, zipangizo zapadera zosungira, ndi magetsi. Mbali inayo lembani zomwe mumataya netiweki ikagona tsiku limodzi. Kenako dzifunseni kuti ndani adzadzuke 2 koloko usiku zinthu zikavuta, ndipo ngati akuidziwa protocol yatsopanoyo. Ngati wodziwa ndi mmodzi yekha, yambani mwaphunzitsa wachiwiri. Bungwe la AfNOG lakhala likuphunzitsa akatswiri a netiweki a mu Africa kuyambira m'chaka cha 2000, ndipo AFRINIC nayo imaphunzitsa za IPv6.

Pofika apa yankho likhoza kukhala lakuti "osati pano". Ngati zipangizo zikulandirabe zokonza, maadiresi akukwanira, ndipo palibe ntchito yomwe ikulephereka, pitani kwa abwana mukawauze momveka kuti chaka chino ndalamazo zipite ku mzere wachiwiri wa faiba kapena mabatire. Limenelonso ndi yankho la katswiri.

Yesani musanakhulupirire

Mawu oti zipangizo "zimamvana" amalembedwa pakabuku kalikonse. Bungwe la EANTC la ku Berlin limasonkhanitsa opanga marauta chaka ndi chaka, n'kulumikiza zipangizo zawo, n'kutulutsa lipoti la zomwe zamvanadi. Liwerengeni, muone ngati mtundu womwe akukugulitsaniwo ulimo. Kenako mangani netiweki yoyeserera pa kompyuta ndi mapulogalamu a GNS3 kapena EVE-NG, ndipo FRRouting, pulogalamu yosandutsa kompyuta kukhala rauta, ndi yaulere. Ngati n'kotheka bwerekani rauta yeniyeni kwa wogulitsa kwa milungu ingapo.

Zopunthwitsa zimakhala zing'onozing'ono. MTU (malire a kukula kwa paketi) ikasiyana pambali ziwiri za mzere, OSPF imaima pa gawo lotchedwa ExStart osapita patsogolo. Pa SR-MPLS, marauta a Cisco amasunga manambala kuyambira 16000 mpaka 23999 kuti akhale zizindikiro, pomwe makampani ena akhoza kuyambira pena. Gwirizanitsani manambalawo kuti afanane paliponse musanayambe.

Samukani zakale zikadali moyo

Apa pali mwayi waukulu: ma protocol awiri amatha kukhala pa rauta imodzi osalimbana. Pa zipangizo za Cisco, njira za m'kati za EIGRP zili ndi administrative distance (nambala yosankhira protocol yoti rauta iitsatire) ya 90 pomwe za OSPF zili ndi 110, ndipo nambala yaing'ono ndiyo imapambana. Ndiye kuti mukhoza kuyatsa OSPF pa netiweki yonse, iyo n'kumaphunzira njira mwakachetechete, katundu akuyendabe pa EIGRP. Fananizani mindandanda iwiriyo mpaka njira iliyonse ipezeke mbali zonse. Mukakhutira, kwezani nambala ya EIGRP ipose 110, OSPF itenge chiwongolero. EIGRP musaizime tsiku lomwelo. Isiyeni milungu ingapo, chifukwa kubwerera kumangofuna kubweza nambala imodzi ija. IPv6 nayo imayenda limodzi ndi IPv4 pa mzere umodzi, ndipo RFC 8661 imafotokoza momwe Segment Routing ingakhalire pamodzi ndi LDP nthawi ya msamuko.

Yambani ndi nthambi yaing'ono yomwe mungafikeko pa galimoto msanga. Pewani kumapeto kwa mwezi pomwe malipiro akuyenda, ndipo onani mafuta mu jenereta musanakhudze kalikonse, chifukwa magetsi kuzima pulogalamu ili pakati pokwezedwa kumatha kupha rauta.

Konzani khomo lotulukira

Pa 8 July 2022 kampani ya Rogers ku Canada inali pa gawo lachisanu ndi chimodzi la ntchito ya magawo asanu ndi awiri yokweza netiweki yake. Magawo oyambawo adayenda bwino, ndiye gawoli adaliona ngati losaopsa. Kusintha kwina kudachotsa sefa ya njira, marauta apakati adasefukira, ndipo makasitomala oposa 12 miliyoni adasowa foni ndi intaneti. Makadi olipirira a Interac adaima, ena adalephera kuimba nambala ya ngozi ya 911, ndipo akatswiri a kampaniyo adavutika kulumikizana chifukwa nawonso ankadalira netiweki yomwe idagwayo. Facebook idaona zofanana pa 4 October 2021, pomwe idasowa pa intaneti kwa maola pafupifupi 6 ndipo zida zake zokonzera zidazima limodzi ndi netiwekiyo.

Choncho pa rauta iliyonse yofunika ikani khomo lapadera: modemu ya 4G ya kampani ina yolumikizidwa ku console, ndipo a m'gulu lanu akhale ndi SIM ya netiweki ina m'thumba. Gwiritsani ntchito zobwezera zomwe zipangizo zili nazo kale. Pa Juniper pali "commit confirmed", yomwe imabweza zonse ngati simutsimikiza m'mphindi zomwe mwaika. Pa Cisco pali "reload in", ndipo MikroTik ili ndi Safe Mode. Lembani papepala malamulo obwezera gawo lililonse, mugwirizane ola lomwe mudzasiye kulimbana ndi vuto n'kubwerera ku zakale, ndipo pepalalo likhale m'manja mwa munthu wachiwiri amene sakugwira kiyibodi usiku umenewo.